Firiji ya Mankhwala a Zainabu

Firiji yoyamba imene ndinaitsegula m'moyo wanga inali ya anthu ena. Inali ku Joni, m'khitchini ya adona amene anandilemba ntchito ya m'nyumba. Inali yaitali kundiposa, ya zitseko ziwiri, ndipo nditaitsegula inandipemerera mphepo yozizira kumaso, mkati getsi likuwala. Ndinaitseka msanga poopa kuti ndaononga chinachake. Kwathu ku Nkholongue jelera, monga timaitchulira kuno, ndinkangoionera patali m'mabaraka a ku Metangula, timagolosale ta pamsika tija, ndipo woitsegula anali mwini baraka yekha.

Ndinachoka kwathu mwana wanga Zainabu atangoyamba kumene sukulu. Bambo wake anali atakwatira kwina ku Cobue, ndipo ngakhale sopo sankatumiza. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga a Fatuma ndi amuna awo a Amadu, msodzi wa usipa. Ndinawauza kuti ndikakhalako mvula imodzi kapena ziwiri basi. Ndinadzera ku Lichinga, kutsikira ku Mandimba, n'kulowa Malawi, kumene ndinakwera basi yaikulu ya ku Joni.

M'basimo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa ku Mangochi, Abiti Jafali, wonenepa, wokonda kuseka, amene ankabwerera ku ntchito yake. Atamva kalankhulidwe kanga anandiyang'ana.

"Ndiwe wa ku Likoma iwe?"

"Ayi, ndine wa kugombe la ku Mozambiki."

"Kumene tikupitako safunsa gombe," anatero akusenda nthochi. "Tonse amatitchula dzina limodzi, ndipo si dzina labwino. Ukhale pafupi ndi ine."

Ndinakhaladi pafupi ndi iwo zaka zonse zimene ndinali kumeneko. Ndiwo anandipezera ntchito, ndiwonso anandipatsa pogona. Tinkakhala m'galaja ya galimoto imene mwini wake anaigawa ndi nsalu, azimayi okhaokha, ena a ku Machinga, wina wa ku Zimbabwe. Nthawi yachisanu chitseko chachitsulo chija chinkazizira mpaka zala kufa dzanzi, ndipo tinkagona titavala majuzi onse amene tinali nawo. Mapepala anga anatha msanga. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse yoyera ikaima pafupi nane, ndinkayesa ndi apolisi. Abiti anandiphunzitsa kuyenda ngati munthu wachedwa ku ntchito, osacheuka, chikwama cha adona chili m'manja. Tsiku lina apolisi anatseka msewu wathu mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndi Abiti tinalowa m'sitolo ya makatani n'kuyamba kufunsa mitengo ya zinthu zimene sitikanagula. Abiti anatsutsana ndi wogulitsayo za mtundu wa nsalu mpaka msewu unatseguka. Titatuluka iwo anaseka mpaka misozi.

M'galajamo tinadzakhalanso ndi kafiriji kathu. Tinakatola m'mbali mwa msewu, katatayidwa, n'kukakankha pa ngolo ya m'sitolo mpaka kufika nako. Kanali kafupi, kofika m'chiuno, ka chitseko chimodzi chimene tinkachimanga ndi mphira. Mkati, pamwamba, munali kabokosi ka ayezi. Choika pafupi ndi kabokosiko chinkauma gwa, choika pansi chinkaola. Mkaka wa Abiti unkasanduka mwala, masamba anga n'kusanduka madzi. Komabe tinkakanyadira, ndipo mlendo akabwera tinkamupatsa madzi ozizira.

Kwa adona, m'chitseko cha firiji yaikulu ija, munkakhala kabokosi ka bwana. Bwanayo anali ndi matenda a shuga ndipo ankadzibaya jakisoni asanadye. Tsiku loyamba kutsuka firijiyo adona anandigwira mkono n'kuloza kabokosiko. Chizungu changa chinali chisanakhwime, koma anabwereza mpaka ndinamva: mankhwala amenewa amaopa kutentha, amaopanso ayezi. Akatentha afa, akaumanso afa, ndipo sudziwa ndi maso kuti afa. Ndinagwedeza mutu, n'kumakagwira kabokosiko ngati dzira. Inali nkhani ya bwana, sinali yanga.

Inadzakhala yanga masana ena ndikusita malaya. Foni inalira, anali achemwali.

"Usachite mantha," anayamba motero, ndipo ine ndinakhala pansi pomwepo. "Zainabu anagwa kusukulu. Tili ku Lichinga, kuchipatala chachikulu. Alamu ako ndiwo anamunyamula."

"Malungo?"

"Ifenso timayesa malungo. Wakhala akuonda, akumwa madzi ngati ng'ombe. Akuti ndi shuga. Akuti azibayidwa tsiku lililonse, moyo wake wonse."

"Mankhwalawo muziwasunga kuti?"

Achemwali anadabwa. "Iwe, mwana wadzuka kumene, ukufunsa za posunga?"

Koma ine m'maso mwanga munali kabokosi ka bwana, ndi nyumba ya achemwali ya ku Nkholongue yopanda magetsi, ndi kutentha kwa Okutobala kumene mchenga wa kunyanja suponderedwa ndi phazi. Anesi anawauza kuti aike mabotolowo m'kamphika, kamphikako akakwirire mu mchenga wonyowa m'mtsuko, pamthunzi. Anachita zomwezo. Ine ndinayamba matenda anga anga. Ndikatsegula firiji ya adona kuti nditenge batala, ndinkaima chitseko chili pululu, ndikuganiza za mtsuko uja, mpaka firijiyo inkalira kundikumbutsa kuti nditseke. Ndinkaimba foni kawirikawiri.

"Mchenga mwauthira madzi?"

"Tauthira."

"Dzuwa silikufika pamenepo?"

"Mwanayu tikukhala naye ndi ife," anatero achemwali tsiku lina, mawu atauma. "Sitikumupha ayi."

Chaka china kutatentha kwambiri, achemwali ndi alamu anaganiza zokasungitsa mankhwalawo kwa mwini baraka wina ku Metangula. Bamboyo anali wachifundo, koma chimene anali nacho chinali konjeladoru, firiji yogona ija youmitsira nsomba. Mabotolo anauma pakati pa kampango, n'kusungunukanso, ndipo palibe amene anadziwa kuti afa. Zainabu anabayidwa madzi opanda ntchito mpaka anadwalanso, n'kugonekedwa m'chipatala kachiwiri. Nkhaniyi anandiuza atatuluka kale. Tsiku limenelo sindinadye. Abiti anakhala nane pa matiresi, akundisisita msana, n'kunena kuti, "Kulira sikuziziritsa mankhwala. Manga nyumba kumene kuli magetsi."

Ndi mmene nyumbayi inayambira. Malo anapezeka ku Metangula, kumapeto kwa tauni, kumene mitengo ya magetsi imathera. Ine ndinkatumiza zimene ndapeza, alamu a Amadu n'kumayang'anira ntchito. Anaumba njerwa okha ndi abale awo, masiku amene mwera waletsa ngalawa kulowa m'nyanja. Zithunzi zinkabwera pa foni: maziko, makoma, malata. Makoma a kozinya, khitchini yathu, atafika pakati, ndinawaimbira.

"Alamu, m'kozinyamo musiye malo a jelera."

"Musade nkhawa, mlamu. Malo alipo, aakulu ndithu. Ndaganizira zonse."

Nyumba itatha ndinakonzeka kubwerera kwathu. Ndinafuna kugula firijiyo ku Joni komweko, koma Abiti anakana. Anati aona katundu wa anthu akufika kwawo atapindika, wina osafika n'komwe, nanga malire onse aja. "Ukagule kwanu, uione ndi maso ikulowa pakhomo." Anandiperekeza kokwerera basi, n'kundipatsa mpango wawo wobiriwira. Sanaseke tsiku limenelo. Anati mawondo awo atopa, koma kwawo kulibe chimene angakadye.

Ndinafika kuno chilimwe chikuyamba. Achemwali anali atachita imvi. Pambuyo pawo panaima mtsikana wamtali, woonda, atafunda mpango kumutu, ndipo ndinamuzindikira chifukwa cha mphumi ya bambo wake. Anagwada patali pang'ono.

"Mwafika bwanji, amayi a ku Joni?"

Kenako anatembenukira kwa achemwali. "Amama, chikwamachi ndiike kuti?"

Ndinayankha moni. Anali ndi ufulu wowatchula choncho. Amene anamusambitsa, kumubaya jakisoni ali wamng'ono, kugona naye m'chipatala, anali achemwali. Alamu ankawatchula kuti ababa.

Alamu anandiyendetsa m'nyumbamo chipinda ndi chipinda, akugogoda makoma kuti ndimve kulimba kwake. Pabalaza panali pabwino, windo lalikulu loyang'ana kunyanja. Kozinya inali kuseri, pansi pa mtengo wa mango, yozizirira bwino. Koma nditalowa ndinaima. Inali yaing'ono. Khoma lina linali ndi chitseko, lina windo ndi sinki. Khoma lotsalalo, limene linali ndi polumikizira magetsi, linali ndi bankada, thebulo la simenti lomatirira kukhoma, lochoka pakona kukafika pakona ina, lofika m'chiuno mwanga. Pansi pake panali mphako yaitali, yopanda kanthu.

"Si awo malo a jelera," anatero alamu, nkhope ikuwala. "Konjeladoru yaikulu ilowa pansipa. Tiika pa matayala, kuikoka potsegula, kuibweza. Pamwambapa potumbulira nsomba. Simenti yake ndinasakaniza ndekha."

"Alamu, ine ndimanena yoimirira. Ya mankhwala."

"Mankhwala ndi timabotolo tingati, mlamu? Tikulunga m'nsalu, tiika pakona."

"Anauma kale kamodzi."

Nkhope yawo inagwa. Anakhala pa bankadayo n'kuvula kofia. Analankhula modekha, ndipo zimene ananena zinali zoona. Anati zimene ndabwera nazo zidzatha, chifukwa nyumba simabala ndalama. Anati nsomba zikagwidwa zambiri timagulitsa motaya poopa kuola, pamene amene ali ndi konjeladoru amadikira ogula a ku Lichinga. Anati mankhwala a Zainabu, ulendo wa kuchipatala, chakudya chake chosankha, zonsezi zimafuna kanthu mwezi ndi mwezi.

"Ndinaganiza kuti konjeladoru ikudyetsani, musabwererenso ku Joni. Kapena mukufuna kubwerera?"

Masiku otsatirawo ndinkangolowa m'kozinyamo n'kutuluka. Kugula zonse ziwiri sindikanatha. Ndinaganiza zoika firijiyo pabalaza, koma masana dzuwa la kunyanja linkawotcha khoma limenelo mpaka osaligwira. Nditangotchula ganizolo, Zainabu anayankha ali chozolikira pa mtondo.

"Pabalaza ayi. Aliyense wobwera azitsegula kufuna madzi, aziona majakisoni anga."

Anali mawu ake oyamba kwa ine osakhala moni.

Mtsuko wa mchenga uja Zainabu anali atabwera nawo ku nyumba yatsopano. Unkakhala pansi pa bankada, ndipo ine ndinkaugwira m'mbali kangapo pa tsiku kuti ndimve ngati ukuzizira. Kutentha kunkakwera tsiku ndi tsiku. Ndinapempha chingwe cha khoka kwa alamu, n'kuyeza kuchoka pansi kufika kunsi kwa bankada, n'kumanga mfundo. Ndinayezanso kukula kwa chitseko, n'kumanga mfundo ina. Alamu ankandiyang'ana ali pakhonde.

Tsiku la Zainabu lokatenga mankhwala ku Lichinga litafika, achemwali anati mutu ukuwapweteka, ndipite naye ndine. Ndikuganiza kuti mutuwo sunkapweteka. Tinakwera shapa m'mawa, minibasi yodzaza madengu a usipa. Njira yonse yokwera phiri Zainabu ankayang'ana pawindo, fulasiki yonyamuliramo mankhwala ili pamiyendo. Titamaliza za kuchipatala tinalowa m'tauni.

Sitolo yoyamba inali ndi mafiriji atandandalikana kukhoma, ena akadali m'mapulasitiki. Maso anga anathamangira pa yaikulu ya zitseko ziwiri, yonyezimira, mchemwali wake wa ya adona ija. Ndisaname, zaka zonse zija ndikupukuta ya eni, ndinkadziona ndikutsegula yanga yotero. Ndinatulutsa chingwe. Ngakhale chammbali sikanalowa pa chitseko chathu. Wogulitsa, bambo wa ndevu zometa bwino, anaseka.

"Mama, mwabwera ndi khoka? Tili ndi tepi pano."

"Chingwechi ndiye kozinya yanga," ndinatero.

Anandionetsa kafupi, koyera, kokongola. Mfundo yanga inakwana, mpata n'kutsalako. Kakanalowa pansi pa bankada popanda kukhudza simenti ya alamu. Mtima unayamba kutsika. Koma nditatsegula ndinaona chitseko chimodzi, ndi kabokosi ka ayezi mkati, pamwamba. Kanali kafiriji ka m'galaja kaja, kungoti katsopano.

"Choika pafupi ndi apa sichiuma?"

"Mukachepetsa mphamvu sichiuma."

"Nanga ndikachepetsa, pansipa pazizira? Kwathu ndi kunyanja, si kuno kozizira."

Anakweza mapewa. "Zimatengera."

Tinatuluka. Sitolo yachiwiri inali ndi makonjeladoru okhaokha. Mwini wake anati ena amatha kuwachepetsa kuti azingoziziritsa. Ndinafunsa ngati nsomba zingaume atatero. Anati ayi, musankhe chimodzi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pa chivindikiro. M'maganizo ndinaona alamu akuikankhira pansi pa bankada yawo, ndinaona ogula a ku Lichinga ataima pakhomo panga. Kenako ndinaona timabotolo tija titachita chipale pakati pa kampango. Ndinaonanso galaja ija, chitseko chachitsulo, ineyo nditakalamba ngati Abiti, ndikuyenda osacheuka.

M'sitolo yachitatu munali yapakati. Inali yofika paphewa langa, yopyapyala, ya zitseko ziwiri chosanjikiza: kachipinda ka ayezi pamwamba ndi chitseko chakechake, kozizira pansi ndi chitseko chakenso. Pa chitseko cha kozinya ikanalowa bwino. Koma chingwe changa chinathera pakati pake. Inaposa mfundo ya bankada ndi mkono wathunthu.

Ndinatuluka panja n'kukhala pa sitepe. Ndinaimbira Abiti, n'kuwapeza akutsuka mbale za eni. Ndinawafotokozera zonse mothamanga: bankada, alamu, nsomba, kafiriji kafupi, ndi yapakatiyo.

"Dikira," anatero. "Mwini mankhwala akuti chiyani?"

"Ndani?"

"Mwanayo. Wamufunsa?"

Ndinacheuka. Zainabu anali m'sitolomo, atatsegula chitseko cha pansi cha yapakati ija, akulowetsa fulasiki yake pa shelefu n'kuitulutsanso. Ndinadula foni n'kulowa.

"Zainabu, iwe ukuona bwanji?"

Anandiyang'ana ngati akufuna kudziwa ngati ndikufunsadi. Kenako analankhula, ndipo sanathamange.

"Magetsi kwathu amathima, nthawi zina tsiku lonse. Iyi pamwambapa tingaumitse mabotolo a madzi. Akathima titsitsa mabotolowo pansi, mankhwala tiika patali nawo pang'ono, n'kutseka osatsegulanso. Anesi anandiuza choncho kalekale, koma tinalibe poyesera." Anatseka chitsekocho pang'onopang'ono. "Ine ndatopa ndi kukumba mchenga. Ndikatenga botolo ndimaliyang'ana padzuwa, sindidziwa ngati lili moyo. Ndimabaya, n'kudikira kuti thupi lindiuze."

Sindinkadziwa kuti amadikira chotero tsiku lililonse. Pa foni ankangoti ali bwino.

"Koma silowa pansi pa bankada," ndinatero. "Ababa ako anaivutikira."

"Ndipatseni foni."

Anaima pakona ya sitolo atandifulatira. Ndinkangomva mbali yake. "Ababa, ndine... Ayi, tili bwino, mankhwala tatenga... Ababa, jelera imene ikundiyenera ndi yaitali... Eya, ndikudziwa... Ndikudziwa, ababa. Theka lokha, mbali ya polumikizira magetsi... Si amayi a ku Joni akunena, ndikunena ndine." Kenako anachotsa foni kukhutu.

"Akuti chiyani?"

"Sananene kanthu. Adula."

Tinagulabe.

Pobwerera tinakwera lole yaing'ono yopita ku Metangula, yonyamula matumba a simenti ndi makatoni a mafuta ophikira. Dalaivala anafuna kuigoneka firijiyo pamwamba pa matumba. Ndinakana. Kwa adona ndinaonapo amisiri akunena kuti firiji ikagona mafuta ake amalowa kumene sayenera.

"Mama, msewu wa phiri uja mukuudziwa? Ikagwa musandililire."

"Imangeni choimirira. Ine ndikhala nayo kumbuyo."

Anaimanga kuseri kwa kabini ndi zingwe, chingwe changa cha khoka n'kuwonjezerapo. Ndinauza Zainabu kuti akhale kutsogolo ndi fulasiki, koma anakwera kumbuyo n'kukhala mbali inayo. Mpaka ku Maniamba zinali bwino. Titayamba kutsika phiri, lole inkapendekera uku ndi uku, firiji n'kumalira m'katoni mwake. Pa bampu lililonse ndinkamva ngati chinachake chathyoka mkati. Ndinaikumbatira ndi manja onse, tsaya litagunda katoni, ndipo zala zanga zinakumana ndi za Zainabu kuseri kwake. Palibe anachotsa. Mphepo yozizira ya kumtunda inatha, kutentha kwa kunyanja kunatilandira, ndipo ine maganizo anali pa alamu. Ndikanatani akanakana? Firiji ikanaima pakhonde, ine n'kuyambana ndi munthu amene ananyamula mwana wanga kupita naye kuchipatala ine kulibe?

Lole itaima pakhomo tinamva kugogoda. Fumbi loyera linkatuluka pa windo la kozinya. Achemwali anali pakhomo ndi tsache, mutu utapola. Mkatimo alamu anali atavula malaya, nyundo ili m'manja, imvi za simenti zili m'ndevu. Theka la bankada linali pansi, zidutswa zokhazokha. Mbali yotsalayo anali akuisalaza m'mphepete ndi tchizulo kuti isacheke munthu.

"Alamu," ndinayamba.

"Simenti yabwino iyi," anatero osandiyang'ana. "Yandivuta kuswa."

Anathandiza dalaivala kuitsitsa, n'kuilowetsa chammbali pa chitseko, n'kuiimika pakona. Inakwana, kumbuyo n'kutsala mpata wopumira. Anaigwedeza kuona ngati yakhazikika, n'kuika kachidutswa ka matailosi pansi pa mwendo umodzi. Kenako anasamba m'manja, n'kuvala malaya, n'kunyamuka kupita ku Nkholongue osadya. Achemwali anawatsatira m'mawa mwake. Panapita nthawi alamu asanapondenso pakhomo pano, ndipo atabwera nkhani ya konjeladoru sanaitchule. Mpaka lero ndikaona ogula nsomba akudutsa kupita kwa ena, ndimadziwa chimene iwo akuganiza, ndipo sindinganene kuti analakwa.

Firijiyo tinaisiya itaima mpaka tsiku lotsatira tisanailumikize. Italira koyamba ndinaika khutu pambali pake. Tinadzaza mabotolo a madzi pamwamba, ndipo pansi patazizira Zainabu anafukula kamphika mu mtsuko uja, n'kupukuta timabotolo take, n'kutiika pa shelefu yapakati. Patapita masiku anayamba kuumitsa madzi a malambe m'timapepala, n'kumagulitsa kwa ana a sukulu. Iye salawa, chifukwa muli shuga. Zimene timapeza n'zochepa, zogulira ndiwo basi.

Magetsi anathima koyamba masana ena otentha kwambiri, mphepo itaima. Ndinali kuchapa kuseri pamene ndinazindikira kuti kulira kuja kwasiya. Ndinathamangira m'kozinya thovu lili m'manja. Zainabu anali atafika kale. Anatsitsa mabotolo a ayezi n'kuwaika pansi penipeni, mankhwala n'kuwasiya pa shelefu yawo, n'kutulutsa botolo limodzi lokha limene ankagwiritsa ntchito. Anatseka, n'kukhala pansi atatsamira chitsekocho.

"Tione ngati mukuzizirabe," ndinatero patapita kanthawi.

"Mukatsegula ndiye mutulutsa kuzizirako."

"Pang'ono pokha."

"Ayi. Khalani pansi."

Ndinakhala pa simenti pafupi naye. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Ndinkagwira mbali ya firijiyo, n'kuchotsa dzanja, n'kugwiranso. Ndinkamvetsera wailesi ya aneba ngati iyambenso. Zainabu ankasenda chinangwa m'beseni ngati palibe chachitika.

"Mubwereranso ku Joni?" anafunsa mwadzidzidzi, maso ali pa mpeni.

Ndinafuna kunena kuti ayi. Koma ndinali nditaona mmene ndalama zikuthera m'nyumbamo.

"Sindikudziwa, mwanangu. Sindikufuna."

Anagwedeza mutu. Anamaliza chinangwa chija, n'kusamba m'manja. Nthawi yake yobaya inali itakwana. Anatenga jakisoni, n'kukoka mankhwala m'botolo lija, n'kuyang'ana mlingo pa kuwala kwa windo. Kenako, m'malo motembenukira kukhoma monga ankachitira masiku onse, anandipatsa jakisoniyo.

"Amama ali ku Nkholongue tsopano. Tsiku limene ndidzadwale, manja osagwira, adzandibaya ndani?"

Anakweza malaya pang'ono. Pamimba pake panali timadontho takuda tambirimbiri, tina takale, tina tatsopano. Ndinali ndisanationepo.

"Tsinani apa. Osati kwambiri. Lowetsani mowongoka, musazengereze."

Ndinalozetsa nsonga pamene ndinatsinapo. Iye anagwira mkono wanga n'kuukhazika. Ndinati bisimila, n'kulowetsa, n'kukankha pang'onopang'ono monga ankanenera. Anatsinzina diso limodzi. Nditachotsa panatuluka kadontho ka magazi, ndipo anakapukuta ndi chala.

"Ndakupweteka?"

"Eya," anatero akutsitsa malaya. "Amama amabaya bwino kuposa inu. Mawa muyesenso."